Makala Opanda Utsi

Elsburg, 23 Epulo 2023

Okondedwa mkazi wanga Nangozo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi anu ndi onse a ku Bembeke. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija limene limayamba kudandaula nyengo ikamasintha. Mwana wanu Clementina alinso bwino. Ndafulumira kumutchula chifukwa ndikudziwa kuti mizere ina yonse muilumpha mpaka mutapeza dzina lake.

Mufunsa kuti ndikulemberanji pomwe foni ilipo. Pa foni timangofunsana za moyo, mayunitsi n'kutha, inu mutaima pachulu paja kusaka netiweki, anthu opita kudimba akumvetsera. A Hamidu, amene amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita kumudzi, amanyamuka kawiri pa mwezi, ndipo avomera kumanditengera envulopu.

Tina wayamba ntchito ku Boksburg, m'nyumba ya mayi wina wachizungu, kuchapa ndi kusita. Sabata yoyamba anasochera kawiri. Kuno takisi amaiimitsa ndi zala, dera lililonse chala chake, ndipo chimene iye ankakweza chinali cha ku Germiston. Tsopano wazolowera, wayambanso kundikonza Chizulu.

Chipinda chathu ndi chakumapeto pa zipinda zisanu zimene zili kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Zenera ndi limodzi, bedi ndi limodzi, koma sitilimbirana. Ulonda wanga ndi wausiku, ku nyumba yosungiramo katundu ku Wadeville. Ndimachoka dzuwa likamalowa iye atangofika, ndipo ndikabwera m'mawa ndimamupeza akumanga nsapato. Timaonana ola limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Kwa ena n'zochepa. Ine ndinachoka kumudzi mwanayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atagweluka, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala bambo wa pa Khirisimasi, ina ndi ina osabweranso. Lero ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Akamaseka amaphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja monga inu. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinatuluka panja ngati ndikukataya madzi.

Mawu amene munatuma a Hamidu pa depoti ya ku Dedza anafika: ndikubwezereni mwana mmene mwanditumizira. Ndamva. Ndakhala kuno zaka khumi ndi ziwiri osagona m'chitokosi, osabayidwa mpeni. Mwana mmodzi sangandikanike.

Kachewere musathamangire kugulitsa kwa mavenda a pamsewu, dikirani achepe pamsika. Malata a khitchini amene anasasuka aja muuze achimwene anu a Laban awakhomerere mphepo ya Juni isanayambe.

Ine wanu,
Edgar


Elsburg, 21 Meyi 2023

Okondedwa Nangozo,

Moni kwa inu ndi onse. Tili bwino awirife. Usipa ndi ufa zinafika, zikomo.

Kuno kwayamba kuzizira. Ife a ku Bembeke timadzitama kuti chisanu timachidziwa, koma cha kuno ndi china, n'chouma, chimang'amba milomo. Zaka zonsezi sindinkasamala, chifukwa ine ndimagona masana dzuwa litatenthetsa malata. Tsopano m'chipindamu muli munthu wogonamo usiku. Ndinafuna kugula hita, koma alandilodi anati wopezeka nayo alongedze, akuti imagwetsa magetsi a nyumba yonse. Magetsiwonso akumazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Ndiye ndagula mbaula ya chitini cha penti chobowolabowola. Mudabwa kumva kuti nawonso a kuno amaitchula chimodzimodzi, amati imbawula.

Pa foni munandikalipira kuti mbaula isagone m'nyumba, n'kundikumbutsa za banja lija la ku Linthipe limene linapezeka m'mawa lonse litauma. Ndikudziwa, utsi wa makala umapha. Koma tamverani zimene ndapeza.

Kuntchito kwathu kunabwera amisiri kudzachotsa ma alamu akale m'maofesi n'kuikamo atsopano. Mmodzi mwa iwo ndi Ronnie, wa ku Chipata, timamvana chilankhulo. Ndinamufunsa kuti timbale toyera timene akuponya m'katoni n'tantchito yanji.

Anati, "Mudala, aka kamalira kakamva utsi. Anthu ali mtulo, kamawadzutsa."

Ndinati, "Utsi uliwonse?"

Anati, "Utsi ni utsi, mudala. Tengani kamodzi, mukaikemo batire."

Ndakakhoma kudenga, pamwamba penipeni pa bedi. Kali ndi batani loyesera. Nditalidina, anthu a zipinda zonse zinayi anatulukira panja, ndipo Tina atatseka makutu anati, "Ababa, kameneka kangadzutse ndi a kumanda omwe." Lachitatu akukazinga usipa wanu uja mafuta anapserera pang'ono, kanalira mpaka mayi wa chipinda choyandikana anamenya khoma. Tina wakapatsa dzina loti apongozi, akuti sikalola munthu apsereze ndiwo mwamtendere.

Ndayesanso ndekha. Mbaula timayatsira panja monga mwa nthawi zonse, makala afiire, utsi wonse uthe, kenako n'kulowetsa. Lamlungu ndinakhala nayo m'chipinda masana onse ndikusoka nsapato pakhomo, kambale kali chete. Ndiye taganizani, Nangozo: kanthu kakumva kautsi ka usipa kangalephere bwanji kumva utsi wopha munthu?

Ndinaganiza za amayi anga, mmene ankadzukira kukatulutsa moto ife tikulira kuti tikuzizidwa. Analibe chowauza kuti moto uwu ngwabwino, uwu ngwoipa, ndiye ankangoopa wonse. Ana athu asavutikenso choncho. Ndamuuza Tina kuti mbaula izigona m'nyumba. Kambale kakalira, aitulutse.

Mtima ukhale m'malo.

Wanu,
Edgar


Elsburg, 11 Juni 2023

Nangozo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo chifuwa cha amayi chinapepuka. Ine ndili bwino. Tina ali choncho.

Kwa masabata awiri tsopano, ndikafika m'mawa ndimamupeza atakhala pabedi atagwira mutu. Akuti umawawa ngati wina waumanga ndi lamba. Kawiri ndapeza atasanza m'beseni. Akaimirira amagwira khoma, akuti chizungulire. Ndinamugulira mapiritsi a mutu. Koma akuti akafika kuntchito, pofika masana zonse zimakhala zitatha, ndipo madzulo amabwera akuimba nyimbo za kwaya. Ndi matenda anji odwalitsa munthu m'mawa mokha? Inu ndinu mayi, mukudziwa kuposa ine.

Pali chinanso. Katatu ndapeza zenera lili lotsegula m'mawa, kuzizira konseku. Zenera lathu linayang'ana kanjira ka kuseri, ndipo lili pamutu pa bedi. Nditamufunsa anati, "Ababa, mpweya umandichepera."

Ndinati, "Apongozi ako analira?"

Anati, "Ayi."

Ndinati, "Ndiye mpweya uti?"

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti masiku amene ndapeza zenera lotsegula ndi omwewo amene amadzuka wosangalala, mutu osawawa. Mutanthauzire nokha.

Kutchalitchi kwathu kuno kuli mwamuna wina wa ku Rumphi, dzina lake Sangwani, mmisiri womanga nyumba, amaimba besi m'kwaya. Lamlungu lapitali anatiperekeza mpaka pageti atanyamula chikwama cha Tina, ngati mwiniyo alibe manja. Kanjira ka kuseri kaja ndi kamene amadzera popita kwawo.

Sindikunena kanthu. Ndikungofunsa: muli ndi pakati pa Tina, zinayamba bwanji? Ine chimene ndimakumbukira n'chakuti munadana ndi fungo la sopo, ndiponso kuti tsiku lina munafuna mapichesi nyengo yake isanakwane, ine n'kupalasa njinga mpaka ku boma kukabwera ndi atatu osapsa. Munadya onse mutakhala pamwala wa kuseri kwa nyumba, osandigawira. Sindinakhalepo wokondwa ngati tsiku limenelo. Nkhani yomweyo ikabwera popanda ukwati, kudziko la eni, m'chipinda cha bedi limodzi, imakhala ina.

Izi zikhale za ife awiri. Musauze munthu.

Ndatumiza bulangeti la amayi ndi nsapato za Elube, mng'ono wanu. Zikamuthina asinthane ndi wina, kuno sabweza.

Edgar


Elsburg, 25 Juni 2023

Nangozo,

Moni. Tili moyo.

Ndinati za ife awiri. Lachisanu la pa 16 mlamu wanga Elube anandiimbira kundifunsa ngati mwamunayo ali ndi mapepala a kuno, komanso ngati a kwawo akudziwa. Akuti amayi a kumphakati wa mpingo wathu akutipempherera. Zikomo kwambiri chifukwa cha mapempherowo.

Poti nkhani yafika kale kumphakati, ndinaona kuti ndimufunse mwiniwake. Kwathu funso limeneli si la bambo, koma kuno ndilibe azakhali oti ndiwatume.

Ndinati, "Tina, ngati pali chimene amayi ako ayenera kudziwa, nena."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ababa, mukundiyesa chiyani?"

Ndinati, "Ndikukuyesa mwana wosanza m'mawa, wotsegula zenera bambo ake akachoka."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira. Anatenga chikwama n'kupita kwa Safia, mayi wa ku Mangochi amene amagwira naye ntchito mumsewu umodzi, amakhala ku Brakpan. Anagona kumeneko masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinapita kukamutenga ndisanagone n'komwe, yunifomu ili m'thupi.

Safia anandilandira bwino, anandipatsa tiyi. Anati, "Bambo, mwanayu kuno sanadwalepo ngakhale tsiku limodzi. Akudzuka bwinobwino, akudya. Mwina ndi chipinda chanucho."

Ndinati, "Mayi, chipinda chimenecho ine ndagonamo zaka zisanu ndi chimodzi."

Anati, "Mumagonamo masana."

Ndinati, "Makoma ndi omwewo."

Akazi amabisirana, zimenezo ndikuzidziwa. Tina ndinamuuza kuti asankhe: takisi ya ku Elsburg lero, kapena galimoto ya a Hamidu sabata yamawa, akafotokoze yekha kwa amalume ake chimene wabwerera. Anakwera takisi. Njira yonse ankayang'ana panja.

Zenera ndalikhoma ndi misomali. M'ming'alu yake ndatsekamo nyuzipepala, ndipo pansi pa chitseko ndaikapo chisanza, chifukwa mphepo inkalowera pamenepo. Chipinda tsopano chikufunda ngati chisa cha mbalame. Mwina m'tsogolo adzandithokoza.

Sangwani ndinakumana naye titatuluka Misa. Ndinamuuza kuti ndikadzamuonanso pa kanjira kaja, ndidzaiwala kuti timapemphera limodzi. Anati, "Adada, ine ndinangonyamula chikwama." Anthu anaima kutiyang'ana. Tina wasiya kwaya.

Musandiweruze kuti ndauma mtima. Munati ndikubwezereni mwana mmene munanditumizira. Ndi zimene ndikuyesa kuchita.

Edgar


Elsburg, 9 Julayi 2023

Okondedwa Nangozo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndilemba mwachidule, a Hamidu akupakira mawa.

M'nyumba muno mwasowa mawu. Chilichonse ndinganene, yankho ndi "Inde, ababa." Mutu wabwereranso, tsopano ndi tsiku lililonse. Wajomba kuntchito kawiri, ndipo Lachinayi anaiwala simbi pa bulauzi ya abwana ake mpaka inapsa. Akuti sakukumbukira kuti anaisiya bwanji. Mwana amene ankaloweza ndime za katekisimu kamodzi n'kamodzi.

Dzulo m'mawa ndinamupeza akadali mtulo, ndipo ndinachita kumugwedeza kangapo. Ali mtulo choncho amaoneka ngati wa zaka zisanu ndi ziwiri uja. Ndinakhala pampando n'kudzifunsa kuti ukali wonsewu ndikutetezera chiyani. Lachinayi likubwerali sindipita kuntchito, ndipita naye kukiliniki akamuyeze. Chimene akapeze tichilandira. Mwana ndi wathu, ndipo ngati pali mdzukulu, nayenso ndi wathu. Sindinamuuze zimenezi. Ndidzamuuza tili m'njira, poyenda mawu savuta.

Pa wailesi akuti mawa kubwera chisanu chimene sichinaonekepo zaka zambiri. Ndagula thumba lathunthu la makala, ndiponso juzi yofiirira imene ankaiyang'anitsitsa m'sitolo ku Germiston. Kambale kanayamba kulira pang'onopang'ono ngati mwanapiye, Ronnie anati ndi batire, ndasintha. Kali maso.

Madzulo ano anandifunsa kuti, "Ababa, bwanji mbaula ndizitulutsa pogona?" Ndinati, "Kuti uume ndi chisanu? Apongozi ako alipo." Ndinkafuna aseke. Anati, "Inde, ababa."

Mundipempherere kuti ndidzapeze mawu abwino Lachinayi.

Wanu,
Edgar


Elsburg, 14 Julayi 2023

Nangozo,

Sindifunsa za moyo wanu. Pa foni ndinangotha kutchula dzina lake, zina anamaliza ndi a Hamidu, amene anali asananyamuke. Muyenera kumva zonse kuchokera kwa ine.

Lolemba m'mawa kunagwa chipale choyera kuchokera kumwamba, chija timangochiona pa makalendala. Anthu anatuluka m'nyumba ngati ana. Tina anatuluka atavala juzi ija, akuwakha ndi manja, ndipo anaseka. Anati, "Ababa, mundijambule, amayi sakakhulupirira." Ndinamujambula. Ndinaganiza zomuuza pomwepo zimene ndinasungira Lachinayi, koma takisi yake inafika.

Madzulo mbaula ndinayatsa ndine. Ndinaidzaza kuposa masiku onse, ndinadikira panja mpaka makala atafiira, utsi utatheratu, n'kuilowetsa ndi manja anga. Ndinamuuza kuti akiye chitseko. Ndinapita kuntchito.

Lachiwiri m'mawa ndinagogoda, osayankha. Tinathyola chitseko ndi bambo wa chipinda choyandikana. Tina tinamupeza ali pansi, atatisiya kale. Zenera lili pamutu pa bedi, kungotambasula dzanja. Chitseko chili mapazi anayi. Mwanayu anayamba ndi zenera, chifukwa katani ndinaipeza itathothoka. Kuchitseko anatsala mapazi awiri.

A ambulansi atafika, mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wa Chizulu, anayang'ana mbaula, anayang'ana nyuzipepala m'ming'alu, osafunsa zambiri. Ine ndinamukoka dzanja kumuonetsa kudenga. Ndinkati kanthu aka kawonongeka, sikanalire, andipatsa kakufa. Anakwera pampando n'kudina batani. Kanalira, Nangozo. Kanalira mokweza monga tsiku loyamba, mwana ali pansi.

Anakachotsa, n'kukatembenuza, n'kuwerenga kumbuyo kwake. Anati, "Le nto ngeyentuthu, baba," kutanthauza kuti kanthuka ndi ka utsi.

Ndinati inde, ka utsi, utsi wa makala.

Anapukusa mutu. Anandikhazika pabedi n'kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Makala akafiira satulutsanso utsi. Amatulutsa mpweya wina wosaoneka, wopanda fungo, ndipo ndi umenewo umapha. Uli ndi alamu yakeyake. Kambale kanga kamamva utsi weniweni, wa chinthu chimene chikupsa, basi. Mpweya winawo ungadzaze chipinda mpaka kudenga, iko kali chete. Anati batani lija limangosonyeza kuti kali ndi mawu.

Ife zonsezi timati utsi. Ine ndinafunsa za utsi, ndinayankhidwa za utsi.

Kenako anati mpweya umenewu kawirikawiri umachenjeza. Munthu amadzuka mutu ukuwawa, akusanza, ali ndi chizungulire, ndipo akatuluka panja amapeza bwino. Anandifunsa ngati mwanayu anadandaulapo zotero.

Ndinati ayi.

Ndinanama pamaso pa mwana wanga asanamunyamule n'komwe.

Edgar


Elsburg, 23 Julayi 2023

Nangozo,

Kalatayi ikubwera m'galimoto imodzi ndi Tina. A Hamidu akupatsani m'manja. Foni yanga simukuyankha, ndipo sindikukudandaulani.

Amalawi a kutchalitchi ndi a bungwe lathu la maliro ayendetsa mapepala onse. Safia ndi amene anamusambitsa n'kumuveka. Sangwani anabwera tsiku lililonse, ankakhala panja, ndipo lero anagwira nawo bokosi pokweza. Sindinathe kumuyang'ana. Ronnie ndinakumana naye pageti la kuntchito. Anati, "Mudala, simunaniuze kuti ni za mbaula." N'zoona, sindinamuuze.

Achimwene anu a Laban anandiuza pa foni kuti ndisaponde ku Bembeke, akuti mbumba ndi yawo ndipo aika okha. Ndamvera. Sindibwera.

Koma pali chimene Elube wandiuza. Akuti kumudzi kwamveka kuti Tina anamwa mankhwala ochotsa mimba, kuti za mbaulazi tapeka pofuna kubisa manyazi. Akuti akuluakulu a mpingo akukambirana ngati kwaya ikaimbe pa maliro ake, kapena aikidwe mwakachetechete.

M'envulopu muno muli pepala la dokotala amene anayeza thupi. Ndi la Chingerezi, mukapatse akatekisi awerenge pamaso pa akuluakuluwo bokosi lisanatsike m'galimoto. Likunena chimene chinamupha. Ndinamufunsa dokotalayo funso linalo, ndipo anandiyang'ana modabwa kuti ndikufunsiranji. Tina analibe mimba. Ndinamupempha kuti alembe zimenezonso, walemba m'munsi n'kudinda.

Pa maliro, ikafika nthawi yofotokoza za matenda, a Laban asanene kuti anadwala mutu kwa nthawi yochepa, monga timanenera pofuna kufupikitsa. Anene kuti anadwala masabata asanu ndi limodzi, kuti ananena yekha kuti mpweya ukumuchepera, kuti anathawira kwa mnzake n'kuchira, ndipo bambo ake anakamutenga. Anene kuti anapempha kutulutsa mbaula, bambo ake anakana. Anenenso kwa onse amene amatumiza ana kuno kuti kambale koyera ka kudenga sikamva makala.

Inu musadziimbe mlandu kuti munauza Elube. Munauza mng'ono wanu zimene mwamuna wanu anakulemberani. Wina akafunsa kuti nanga mphekeserayi inayambira kuti, musanditchinjirize. Kalata ya pa 11 Juni muli nayo. Aonetseni, aone kuti dzanja ndi la ndani.

Kwaya iimbe, Nangozo. Ndapempha chimenecho chokha.

Edgar